Mboni ya Timba Wosokera

Munthu wina anatsika basi ya m'mawa pamphambano, n'kuyenda wapansi mtunda wonse wokafika pageti la paki yosungira nyama zakutchire. Analibe sutikesi, analibe kamera, analibe mnzake. Anali ndi kachikwama kamodzi kumsana, magalasi oonera kutali pakhosi, ndi chipewa chachikulu chosuluka ndi dzuwa chimene chinkabisa theka la nkhope yake.

Mlonda wa pageti anamukankhira kaundula wa alendo. Munthu uja anagwira cholembera, anazengereza pang'ono, kenaka anakhwatcha kanthu kooneka ngati pamene padutsa nyongolotsi.

"Apa mwati ndani, bambo?" anafunsa mlondayo atatembenuza bukulo kawiri.

"Dzanja langa ndi loipa chibadwire, achimwene. Aphunzitsi anga analilephera, inu musavutike nalo. Ndikufuna woperekeza alendo. Wamkazi uja amene amamva mbalame asanaione."

Mlonda anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Woperekeza alendo wamkazi m'paki monsemo anali mmodzi, ndipo anali mlongo wa mlondayo, wobadwa naye bere limodzi. Anzake a pantchito ankamutcha Makutu, chifukwa ankatha kuima pakati pa tchire atatsinzina n'kutchula mbalame iliyonse imene ikulira, imodziimodzi, ngati mphunzitsi woitana mayina m'kalasi.

Koma masiku amenewo dzinalo linali litasanduka chipongwe. Masabata awiri m'mbuyomo, kutacha pambuyo pa chimphepo chimene chinasasula denga la kantini, Makutu anamva kulira kwachilendo pafupi ndi thanki yakale ya madzi: kamawu kowonda, kokwera kumapeto ngati funso. Mwini mawuwo anamuona kamodzi kokha, kambalame ka mtundu wa timba. Atafufuza m'buku lake anakapeza kumasamba akumapeto, ndipo mapu ankaonetsa kuti kwawo n'kutali, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, kunkhalango zozizira. M'dziko lonselo kanali kasanaonekepo. Anajambula mawu ake pafoni n'kutumiza kugulu la anthu okonda mbalame. Wina anayankha kuti limenelo ndi geti losowa mafuta. Wina anati mtsikanayo akatsukitse makutu. Anzake a pantchito anayamba kumuimbira mluzu akamadutsa.

Ndiye atamuitana pageti Lolemba limenelo, anabwera atamanga kale nkhope.

"Ngati mwabwera kudzaseka, bambo, sekerani pompano, tisavutike n'kuyenda."

Mlendoyo anakweza chipewa pang'ono. Anali wachinyamata kuposa mmene mayendedwe ake ankaonetsera, wa maso otopa koma ofatsa.

"Mawu aja ndawamvetsera kamakumi anayi," iye anatero. "Geti silipumira pakati pa kulira kuti limeze kachilombo. Tiyeni mukandionetse."

*

Thanki yakaleyo inali kumapeto kwa kanjira kamene galimoto za alendo sizinkafikako kawirikawiri. Inkadontha pang'onopang'ono, ndipo pansi pake panamera zitsamba zothithikana ndi mitengo iwiri yaminga. Anakhala pa simenti yong'aluka, wina uku wina uku, chikwama pakati. Tsiku loyamba sanaone kanthu. Lachiwiri anamva kamawu kaja kawiri, chapatali, ndipo Makutu anaona mkono wa mlendoyo ukuchita tsemwe ngakhale dzuwa linali litakwera kale.

Kudikira mbalame kumatsegula pakamwa pa munthu.

"Simunandiuzebe dzina lanu," anatero Makutu monong'ona.

"Ndamva mlonda wanu akunditcha Chipewa. Ndalikonda. N'lopepuka kunyamula."

"Mlonda ameneyo ndi achimwene anga, ndipo akuti muli ndi nkhope ya munthu wothawa mlandu."

"Nanga inu mukuti bwanji?"

"Ine sinditchula mbalame ndisanamve kulira kwake konse."

Chipewa anaseka chapansipansi, kuseka kwa dzimbiri, kwa munthu amene anasiya kalekale kuseka. Makutu anafulumira kuyang'ana kuzitsamba.

"Tandiuzani," anatero patapita nthawi, "n'chiyani chimene chimasokeretsa kambalame mpaka kudzafika kuno?"

"Ena amati ndi mphepo. Ena amati pa atimba chikwi, mmodzi amabadwa ndi njira yotembenuka m'mutu. Anzake akanyamuka kulowera uku, iye amalowera uko. Osati mwamwano ayi. Amauluka ndi mtima wonse, akukhulupirira kuti akulondola."

"Amabwerera kwawo?"

"Ochepa." Anatola kamwala n'kukaponya pansi. "Ndipo obwererawo sindidziwa ngati anzawo amawalandira."

Makutu anawasunga mawu amenewo. Iye anali mtsikana wolota masana, amene ankakhulupirira kuti munthu aliyense wachete ali ndi chipinda chokhoma mumtima, ndipo kuyambira ali mwana zitseko zokhoma zinkamukopa kuposa zotsegula.

Lachitatu m'mawa, mame asanakamuke, kanatulukira. Kanatera pa nthambi yoonekera, mapazi khumi kuchokera pamene anakhala: kakang'ono ngati chala chachikulu cha m'manja, kobiriwira motuwa, kokhala ndi mzere wachikasu pamwamba pa diso ngati nsidze yochita kujambula, ndi timizere tiwiri toyera pa phiko. Kanagwedeza mapiko, kanajompha kambozi, kenaka kanatsegula kukamwa n'kufunsa funso lake lija.

Makutu anakweza foni mofulumira. Chithunzi chinatuluka cha masamba okhaokha. Atatembenuka kuti adandaule, anapeza kuti Chipewa wamugwira padzanja, misozi ikutsikira m'ndevu zake zazifupi.

"Munanena zoona," iye ananong'ona. "Kuyambira tsiku loyamba munanena zoona."

Kambalame kanalowa m'zitsamba. Dzanja lija silinachoke, ndipo Makutu sanalikumbutse.

*

Madzulo ake anapeza mayi ake ali pa makina osokera, akupinda mayunifomu a alonda monga mwa ntchito yawo, achimwene ake atakhala pampando akuvula nsapato.

"Iwe," anatero mayiwo osadzutsa mutu, "ndamva kuti masiku ano tiyi wa m'mawa umakamwera pansi pa thanki ndi chipewa."

"Ndi ntchito, Amayi."

"Ntchito imasekeretsa munthu chonchi? Taona mano onse ali pamtunda."

"Ine ndawaona ndi maso angawa akubwera," achimwene ake anathirira ndemanga. "Mwamunayo atanyamula chikwama cha uyu. Chiyambire ntchito pageti paja sindinaonepo mlendo akunyamulira woperekeza katundu."

"Inu achimwene, ntchito yanu ndi kutsegula geti, osati kuwerenga zikwama."

"Ntchito yanga ndi kudziwa amene walowa. Ndipo uyu sindikumudziwa. M'kaundula analemba zoti ngakhale adokotala sangawerenge."

Makina anaima. Mayi anavula magalasi, chizindikiro chakuti tsopano nkhani yafika pa mwini wake.

"Mwanangu, mwamuna wobisa dzina amabisanso mkazi ndi ana atatu. Mlendo ndi mame. Dzuwa likakwera udzangopeza udzu wouma, iwe uli kukamwa yasa." Analoza pa tebulo, pamene panali simbi yamagetsi yatsopano ikadali m'bokosi. "Taona icho. A Wachiwiri anadutsa masana. Anaona kuti yanga ikuwotcha makolala, sanalankhule zambiri, angobwera nayo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo."

A Wachiwiri anali wachiwiri kwa mkulu wa paki, mbeta ya zaka makumi anayi, ya nyumba ya zipinda zitatu ndi malaya osakwinyika. Kwa chaka chathunthu anakhala akufunsira Makutu kudzera mwa mayi ake, ngati munthu wofuna chipatso amene wayamba n'kuthirira mtengo.

"Amayi, bambo amenewo chiyambire sanandifunsepo funso limene sakudziwa kale yankho lake."

"Mwamuna si wa mafunso. Malemu bambo ako anandifunsa funso limodzi moyo wawo wonse, ndipo nonse awiri munabadwa."

Achimwene ake anaseka mpaka kutsamwa. Makutu anatenga ndowa n'kutuluka kukatunga madzi pampopi, ngakhale m'nyumba madzi analimo. Dzuwa linali likulowa. Foni inanjenjemera m'thumba.

*Kulira kuja kukadali m'makutu mwanga. Kapena ndi mawu anu. Ndikulephera kusiyanitsa.*

Anawerenga katatu, madzi akusefukira m'ndowa.

*Mukundiyerekeza ndi geti losowa mafuta?* iye analemba.

*Ndikukuyerekezani ndi chinthu chimene munthu amayendera mtunda wautali kuti adzachimve kamodzi.*

*Amayi akuti ndinu mame.*

Yankho linachedwa. Anaona timadontho tosonyeza kuti akulemba, tikuoneka, tikuzimiririka, tikuonekanso.

*Amayi anu si opusa,* linatero litafika. *Mugone bwino.*

*

Lachinayi masana Makutu anabwera kukantini ndi fomu imene anasindikiza kuofesi. Lamulo la komiti ya akatswiri a mbalame linali lodziwika kwa woperekeza aliyense: mbalame imene sinaonekepo m'dziko silembedwa m'buku chifukwa cha mawu a munthu mmodzi. Pakasowa chithunzi chooneka bwino, pamafunika mboni yachiwiri imene inaiona ndi maso ake, ilembe dzina lake lonse, isaine, ndipo ikhale yokonzeka kuyankha mafunso a komitiyo. Mbali yake anali atadzaza kale ndi zilembo zosamala. Panatsala mzere umodzi.

Anaika pepalalo pakati pa makapu awiri a tiyi, n'kuika cholembera pamwamba.

"Apa. Ndipo lero dzanja lanu lichire, tione zilembo."

Chipewa anayang'ana fomuyo ngati munthu amene waona njoka pa mphasa. Sanaikhudze.

"Sindingathe."

Makutu anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Atamuyang'ana kumaso, kuseka kunauma.

"Kambalame kaja simunakaone?"

"Ndinakaona kuposa mmene ndaonera chilichonse pa zaka zisanu ndi ziwiri."

"Ndiye vuto n'chiyani? Muli pabanja eti? Mukuopa kuti akazi anu adziwa kumene muli?"

"Ndilibe mkazi."

"Apolisi akukufunani?"

"Ayi."

"Bambo inu," mawu a Makutu anakwera, ndipo wophika wa m'kantini anachepetsa wailesi kuti amve bwino, "masabata awiri ndakhala choseketsa cha paki yonse. Ngakhale otsuka galimoto amandiimbira mluzu. Munthu mmodzi yekha padziko lapansi akudziwa kuti sindine wabodza, ndipo munthuyo akukana kulemba mawu awiri?"

"Dikirani mlendo wina. Wa kamera yabwino. Abwera."

"Abwera liti? Gulu lonse linaseka. Ndani angawononge ulendo wake chifukwa cha geti?" Anaweramira patsogolo. "Dzulo munandigwira dzanja. Kapena nalonso mukana kuti silinali lanu?"

"Dzanjalo ndi langa, ndipo ndikanakonda likanakhala pomwepo mpaka kalekale. Koma dzina langa likhoza kukupwetekani."

"Kusowa kwake kwandipweteka kale."

Anatenga fomu yake, anaipinda pakati, natuluka osamwa tiyi. Panjira foni inanjenjemera kawiri. Sanaitulutse.

*

Sanafike patali. Mlembi wa muofesi anamukodola pawindo kuti a Wachiwiri akumufuna.

Ofesi yawo inali yozizira, ya fani yozungulira mwaulesi ndi mapu aakulu a paki pakhoma. A Wachiwiri anamulozera mpando, n'kutsamira kumbuyo akusewera ndi cholembera chasiliva.

"Ndamva kuti kukantini kunali sewero laulere."

"Nkhani zimathamanga, bwana."

"Paki ndi yaikulu kwa njovu, kwa anthu ndi yaing'ono. Tapatse pepalalo." Analiwerenga mofulumira, milomo ikuyenda. "Ndiye pakusowa mboni. Bwenzi lako la chipewa lathawa pamzere."

"Si bwenzi langa."

"Zabwino. Ndiye sizikupweteka ndikakuuza kuti mawa ndikufuna kuona chiphaso chake. Masiku anayi munthu akugona pamalo a matenti, dzina lake palibe akulidziwa. Achimwene ako anachita ulesi pageti, koma ndawakhululukira chifukwa cha mayi." Anamwetulira. "Tsono tamvera, Makutu. Ine mbalame zonse ndimaziona ngati mpheta, sindibisa. Koma dzina langa ndi loyera, ndipo pansi pake pamabwera chidindo cha paki. Komiti ikaona chidindo sifunsa kawiri. Mawa m'ma naini ndibwera kuthanki kwakoko, ndiyang'ana m'mwamba pang'ono, ndisaina. Oimba mluzu onse adzameza malilime."

Makutu anaona m'maganizo dzina lake litasindikizidwa m'buku, pansi pa chithunzi cha kambalame kaja. Anaona nkhope za anthu a m'gulu lija.

"Koma mukapanda kukaona, bwana?"

"Iwe unakaona?"

"Ndinakaona."

"Ndiye bodza lili pati? Ine ndikungobwereka maso ako." Anaika cholembera pa tebulo mofatsa. "Anthu amene akukhala banja limodzi amabwerekana zinthu. Lamlungu ndikufuna kubwera kwanu ndi abale anga, tidzalankhule ndi mayi mwaulemu wake. Chaka chakwana ndikuzungulira nyumba ija. Sindikufuna kudzapeza chitseko chotseka."

"Ndiye kusainako mtengo wake ndi umenewo?"

"Ayi, ayi, usanene mawu oipa. Ndi mphatso. Koma mphatso imakoma ikapita kwa munthu wako."

Makutu anatuluka. Ali pakhonde anatsegula mauthenga awiri aja. Woyamba unati: *Pepani.* Wachiwiri unati: *Kambalame kaja kakudya kwambiri kuyambira dzulo. Mbalame ikamadya chonchi ndiye kuti ikukonzekera ulendo. Mawa ndidzakhala pageti nthawi yathu ija, ngati mungafune kundiperekeza komaliza.*

*

Anamuperekeza. Atafika pathanki anakhala pamalo awo, chikwama pakati monga tsiku loyamba, ndipo kambalame kanali pomwepo, kakudumphadumpha m'nthambi, kakujompha chilichonse choyenda.

"A Wachiwiri asaina," anatero Makutu mosapita m'mbali. "Akubwera m'ma naini. Lamlungu akubwera kwathu ndi abale awo."

Chipewa anatembenuka msanga. "Anakaona?"

"Akuti abwereka maso anga."

"Usatero." Kanali koyamba kumutchula kuti iwe, ndipo onse awiri anamva. "Chonde, Makutu. Za Lamlunguzo ndilibe mphamvu yolankhulapo, ngakhale zikundiwotcha m'chifuwa. Koma pepalalo usalole."

"Muli ndi ufulu wanji wondiletsa, inu amene munakana?"

Chipewa anayang'ana madontho a m'thanki akugwera pamwala.

"Ndikuuze nkhani. Panali mnyamata wina, m'paki ina, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Anali ndi maso akuthwa ngati mmene iwe ulili ndi makutu. Tsiku lina ali yekha anaona mbalame imene sinaonekepo m'dziko muno. Kamera inamukanika, mbalame inapita. Atanena, akuluakulu anamuseka. Anapirira mwezi umodzi. Kenaka anaganiza ngati a Wachiwiri ako: ndinaiona, ndiye bodza lili pati? Anatenga chithunzi cha mbalame yomweyo chimene munthu wina anajambula kudziko lakutali, anachitembenuza kuti mutu uloze kwina, n'kuchitumiza kukomiti ngati chake."

Nkhaniyi Makutu ankaidziwa. Woperekeza aliyense ankaiphunzira sabata yoyamba ya maphunziro, ngati chenjezo.

"Anamukweza m'mwamba miyezi itatu," Chipewa anapitiriza. "Mpaka mayi wina wokalamba, katswiri wa zomera, osati wa mbalame n'komwe, anayang'ana chithunzicho n'kufunsa kuti, kodi tsamba ili kumbuyoku ndi la mtengo wanji? Mtengo umenewo sumera kuno. Tsamba limodzi. Anafufuta zonse zimene mnyamatayo analembapo, mbalame mazana anayi, zoona zokhazokha. Anamuletsa kulowa m'mapaki. Ndipo anamupatsa dzina."

"Wojambula Mizukwa," Makutu ananong'ona.

Chipewa anavomera ndi mutu.

"Mbalameyo munaionadi?"

"Ndinaiona monga ndikukuonera iwe. Koma zilibenso ntchito. Ndi bodza langa ndinaifufuta ndekha, ndipo lero ngakhale ine ndimadzifunsa nthawi zina." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Ndinataya kamera. Ndinkakonza mawotchi m'tauni, ndili phee. Koma m'gulu lija ndinatsalamo ndi nambala ina, ndikungowerenga. Nditamva mawu ako, n'kuona mmene akukusekera, ndinadziwa msewu umene uli patsogolo pako, chifukwa ndinauyenda mpaka kumapeto. Ndinabwera kuti pakhale munthu mmodzi wokuuza kuti ukunena zoona, usanafike poganiza zimene ndinaganiza ine. Zinazi," anayang'ana dzanja lake, "sindinazikonzekere."

"Ndiye mukasaina inu..."

"Komiti ikangoona dzina langa, pepala lako lipita m'bini, ndipo iwe udzakhala mtsikana amene anayenda ndi wabodza. Akasaina a Wachiwiri, tsiku lina wina adzawaimbira foni n'kuwafunsa kuti miyendo yake inali ya mtundu wanji. Tsamba lako lidzakhala limenelo."

Makutu anatulutsa fomu ija n'kuitambasula pabondo. Mzere unali umodzi. Mboni yoona ya dzina lodetsedwa, kapena mboni yabodza ya dzina loyera. Anaganiza za mayi ake pa makina osokera, za simbi ili m'bokosi, za mluzu wa otsuka galimoto. Anafuna kumukwiyira munthuyu, ndipo mkwiyo unalipo ndithu, koma pansi pake panali chinthu china chofewa chimene chinkakana kuchoka.

"Ndikufuna kuliona dzinalo," anatero Makutu. "Osati limene anakupatsani. Lanu lenileni. Sindingasankhe ndili m'chimbulimbuli."

Chipewa anapisa m'chikwama n'kutulutsa pensulo yaifupi yotafunidwa kumapeto. Anatenga pepalalo, analitsamiritsa pa simenti, nalemba pang'onopang'ono. Zilembo zake zinali zoongoka, zokongola ngati za pa satifiketi.

"Ndalemba ndi pensulo," anatero pomubwezera. "Ukaliwerenga ufufute. Sipatsala chipsera."

Makutu asanayankhe, anamva injini. Galimoto ya paki inatulukira pakona ya kanjirako ikuthyola nthambi, ndipo kambalame kanathawira m'kati mwa zitsamba. A Wachiwiri anatsika atavala malaya oyera, achimwene ake a Makutu ali pambuyo ndi kaundula wa pageti m'khwapa.

"Tafika, tafika!" anatero a Wachiwiri mwansangala. Anayang'ana m'mwamba, kumtengo wolakwika, n'kugwedeza mutu. "Eya, kokongola kwambiri. Ndakaona. Bweretsa pepala." Anasolola cholembera chasiliva chija n'kuchitsegula.

Makutu anaimirira. Anatambasula dzanja, koma m'malo mopereka fomu, anatenga cholembera.

"Ndibwerekeni kaye, bwana."

Anagwada, anaika pepala pa simenti, ndipo mosafulumira anadutsitsa inki pamwamba pa zilembo za pensulo, chimodzichimodzi, kuyambira choyamba mpaka chomaliza. Chipewa anati, "Makutu, ayi," koma mawuwo anatuluka mochedwa. Atamaliza anamupatsa cholemberacho.

"Sainani. Munakaona. Ine sindibwereketsa maso anga."

Anayang'anana. Kenaka mwamunayo anawerama, nasaina.

A Wachiwiri anatsomphola fomuyo n'kuiyandikiza kumaso. Kumwetulira kunachoka pankhope pawo, kenaka kunabwerera, koma kwina, kozizira. Anawerenga dzinalo mokweza, lonse, loyamba ndi la makolo, pang'onopang'ono ngati namwino woitana wodwala pamzere.

Achimwene ake a Makutu anagwetsa kaundula. Dzina limenelo linali pa pepala lomatidwa kukhoma la kanyumba ka pageti, pa mndandanda wa anthu oletsedwa kulowa, ndipo iwo ankakhala moyang'anizana nalo tsiku ndi tsiku.

"Ndi inu?" anafunsa ndi mawu osweka.

"Ndine," anayankha mwini dzina.

"Wojambula Mizukwa m'paki yanga," anatero a Wachiwiri mofatsa, akupinda fomuyo kanayi n'kuilowetsa m'thumba la malaya awo. "Mlonda wina anamutsegulira geti. Woperekeza wina wamuyendetsa masiku asanu, n'kulemba dzina lake ndi inki, ndi dzanja lake lomwe, ine ndikuona. Nonse awiri ziphaso zanu za ntchito zikhale pa tebulo langa dzuwa lisanafike paliwombo. Pokhapokha," anayang'ana Makutu, "ngati pali zimene ukufuna kundiuza za Lamlungu."

Achimwene ake anamuyang'ana ndi maso opempha. Milomo ya Makutu inkayenda mwakachetechete, ikuliyesa dzina lija koyamba, ndipo anachita mantha kupeza kuti likumukomera m'kamwa.